Nzeru ya Denga Lotuluka Kunja: Phunziro la Nyumba Zakale za ku England

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'dera la Blantyre.)



Sabata yathayi ndinapita ku Mbayani kukazonda mbale wanga amene khoma la nyumba yake linagwa ndi mvula. Anthu anapulumuka, koma chimanga chimene anabwera nacho kuchokera kumudzi chinafotseredwa ndi matope. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti khomalo linadyeka kunsi, pamene madzi ochokera pa malata ankamenya zidina. Denga linali lothera pakhoma penipeni. Mwini nyumba anati anatero kuti malata amukwanire. Tsono anapulumutsa malata awiri nataya khoma ndi chakudya chomwe.

Lero ndifuna tikambirane za vuto limeneli, ndipo ndiyambira kutali, ku England.

Kalekale anthu a kumeneko ankamanga pafupifupi monga momwe makolo athu ankamangira. Ankaimika mitengo yolimba ya oak, naluka timitengo pakati pake, namata dothi losakaniza ndi udzu ndi ndowe. Koma m'matauni mwawo munali chinthu chachilendo. Nyumba yosanja inkakhala yaing'ono pansi, yaikulu pamwamba. Chipinda cham'mwamba chinkatulukira kunja phazi limodzi kapena mapazi awiri kupitirira khoma lapansi. Mamangidwe amenewa anayamba m'zaka za m'ma 1200, ndipo anali ofala kwambiri m'nthawi ya mafumu a banja la Tudor, amene analamulira kuyambira 1485 mpaka 1603. Mu mzinda wa York muli kamsewu kotchedwa Shambles, kamene kale kanali ka ogulitsa nyama, ndipo nyumba zotere zikadalipo mpaka lero.

Kodi ankachitiranji zimenezi? Zifukwa zake ndi zinayi.

Choyamba ndi malo. M'tauni malo omangapo anali ochepa ndi odula, ngati momwe alili ku Mbayani, ku Ndirande kapena ku Bangwe. Munthu sakanatha kulanda msewu pansi, koma m'mwamba ankatha kuwonjezera chipinda chake pang'ono.

Chachiwiri ndi mvula. Khoma lomata ndi dothi mdani wake ndi madzi. Chipinda cham'mwamba chikatulukira kunja, madzi ankagwera patali, ndipo khoma lapansi ndi matsinde a mitengo zinkakhala zouma.

Chachitatu ndi kulimba kwa mitanda. Taikani thabwa pa miyala iwiri, inu muime pakati: thabwalo lipinda. Koma nsonga zake zikapitirira miyalayo ndipo anzanu akakhala pa nsongazo, pakati paja padzuka. Momwemonso kulemera kwa khoma lam'mwamba kunkapanikiza nsonga za mitanda, ndipo pansi pa chipinda sipankapinda.

Chachinayi ndi ulemerero. Nyumba yotere inkafuna mmisiri wodziwa ndi mitengo yambiri, motero mwini wake ankaonetsa kuti ndi munthu wopeza bwino.

Koma mverani tsoka limene linadza. Nyumba za mbali ino ndi za mbali iyo ya msewu zinkayandikana kwambiri m'mwamba. M'mwezi wa September 1666 moto unabuka m'nyumba yophikira buledi mu msewu wa Pudding Lane ku London. Unayaka masiku anayi, kulumpha kuchokera nyumba ina kufikira ina, nupsereza nyumba zoposa 13,000. M'chaka cha 1667 boma linakhazikitsa lamulo lakuti nyumba zatsopano za mu London zimangidwe ndi njerwa kapena miyala, ndipo zipinda zotulukira mumsewu zinaletsedwa. Pang'ono ndi pang'ono mamangidwe aja anatha.

Tsono tibwerere kwathu. Nzeru yotchinjiriza khoma ku mvula sitichita kuibwereka kwa Azungu ayi. Makolo athu ankamanga nyumba ya denga lotsika, ndi khonde lokwera lozinga nyumba yonse, lozira bwino. Khonde silinali lokhalapo alendo okha. Linali chishango cha khoma. Ngakhale nyumba ya Mandala kuno ku Blantyre, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ili ndi khonde lalikulu lotchinga makoma ake. Dzina lakuti Mandala linachokera pa magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo. Nyumbayo yaona mvula zaka zoposa 140, ndipo ikadali chilili.

Nonse mukumbukira mvula ya January 2015, ndi namondwe Freddy wa March 2023 amene anapha anthu ambiri ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Madzi otsika m'phiri ndi miyala palibe denga lingawaletse. Pamenepo mankhwala ake ndi kusamanga m'malo otsetsereka kwambiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Koma nyumba zambiri zimene zimagwa dzinja lililonse zimagwa ndi mvula wamba, chifukwa cha denga lalifupi ndi maziko onyowa. Zimenezi tingathe kuziletsa.

Malangizo anga ndi awa. Denga, kaya la udzu kaya la malata, lipitirire khoma mapazi awiri kapena atatu mbali zonse. Mangani khonde lokwera, ndipo muzilimata chaka ndi chaka mvula isanagwe. Ngati ndalama zili zochepa, gulani njerwa zowotcha kapena tolani miyala zoti muyale kunsi, zidina zikhale pamwamba. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi apite kumbali. Nkhokwe nayonso muiimike pa nsanja yokwera, muifolere denga lotambalala, pakuti chimanga chikanyowa chimachita chuku, ndipo chimanga cha chuku chimadwalitsa ana.

Inu mafumu ndi anyakwawa, phunziro la moto wa ku London ndi lanu. Pogawa malo musalole kuti madenga akhudzane. Siyani mpata pakati pa nyumba ndi nyumba, kuti moto usalumphe, madzi apeze podzera, ndipo denga la wina lisathire madzi pakhoma la mnzake. Khitchini ndi nkhokwe zikhale patali pang'ono ndi nyumba yogona. Milandu yambiri ya m'dzinja imayamba ndi madontho a padenga la mnansi.

Ntchito imeneyi muichite m'chilimwe, udzu ukadalipo ndipo dothi lili louma. Itanani msonkhano, muyendere nyumba za nkhalamba ndi za amasiye, muwathandize kufolera. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tsalani bwino. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.