Miyezi Itatu Popanda Facebook: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti inandipempha kuti ndilankhulepo za umoyo wa m'maganizo. Ine sindine dokotala ayi. Ndingokufotokozerani zimene ndinaona nditasiya Facebook ndi Instagram kwa miyezi itatu.

Chimene chinandichititsa n'chamanyazi, koma ndinena. Ndinkati ndikadzuka, ndisanasukusule n'komwe, dzanja lili kale pa foni. Pakati pa usiku ndili maso, ndikuyang'ana nyumba imene wamanga mnzanga amene ndinkamuposa masamu chaka ndi chaka. Ali momwe muno, koma sindimutchula. Mtima unkandiwawa, tulo osabwera, ndipo ndinkaiwala kuti munthu amajambula galimoto yake yokha. Ngongole ya katapila sajambula. Tsiku lina mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Kodi bambo, mwasanduka mlendo m'nyumba mwanu momwe?" Mawa lake ndinatseka zonse.

Mlungu woyamba unali wowawa. Chala chinkangopita chokha pamalo pamene panali chizindikiro chija. Koma pofika mlungu wachitatu ndinayamba kugona nthawi yabwino, kukwiya msanga kunachepa, ndipo ndinazindikira kuti mwana wanga wotsiriza ali ndi nthabwala zimene sindinkazidziwa.

Tsono musati ndi maganizo a ine ndekha. Mu 2018 akatswiri a pa mayunivesite a Stanford ndi New York ku America anachita kafukufuku pa anthu 2,743, ndipo ena mwa iwo anawalipira kuti atseke Facebook kwa milungu inayi. Otsekawo anapeza pafupifupi ola lathunthu tsiku lililonse, ndipo gawo lina la nthawiyo ankacheza ndi abale ndi anzao. Chimwemwe chao chinakwera, nkhawa inatsika, ndipo kafukufuku atatha ambiri sanabwererenso ku Facebook ndi mphamvu yakale ija. Pa yunivesite ya Pennsylvania anayesa ophunzira 143. Ena anauzidwa kuti kwa milungu itatu asapitirire mphindi 10 pa tsiku pa Facebook, mphindi 10 pa Instagram ndi mphindi 10 pa Snapchat. Amenewa sanasiyiretu, anangochepetsa, komabe kusungulumwa kwao kunatsika. Taganizani: zinthu zopangidwira kulumikiza anthu, kuzichepetsa n'kumene kunachepetsa kusungulumwa!

Komatu tinene chilungamo. Kusintha kumene a ku Stanford aja anapeza kunali kwapang'ono, osati kozizwitsa. Kutseka Facebook si mankhwala. Munthu amene wakhala milungu ingapo ali wokhumudwa, osadya, osagona, kapena akuganiza zochotsa moyo wake, ameneyo timuperekeze kuchipatala, tisangomulanda foni.

Akatswiri omwewo anapezanso kuti otseka aja ankadziwa nkhani zochepa kusiyana ndi anzao. Apa m'pamene ine ndinalipira mtengo wowawa. M'mwezi wachiwiri mnzanga amene tinkagona naye chipinda chimodzi kuyambira Fomu 1 anatisiya. Uthenga unaikidwa pa tsamba la kalasi lathu, aliyense n'kumayesa kuti ine ndaona. Ndinamva patapita milungu iwiri, mwangozi, pa depoti ya basi. Nditapita kukapepesa, mayi wamasiye anandilandira bwino, koma anati, "Malemu ankakutchulani kawirikawiri, tinadabwa kusakuonani." Amayi ndi abambo, ndinasowa poyang'ana. Enafe tinakula tikumvera mauthenga achisoni pa wailesi, ndipo amene wamva ankathamanga kukauza mnzake. Lero timangolemba, basi tatha.

Lero ndinabwereranso, koma foni imagona pabalaza, ine kuchipinda, ndipo ndimatsegula kamodzi madzulo.

Ndiye pempho langa, Bambo Wapampando, ndi ili. Alipo anzathu amene asiya zinthuzi pofuna mtendere wa mumtima, ena sanayambepo n'komwe. Alembi athu akhale ndi kaundula wa manambala ao, ndipo kalasi lililonse lisankhe munthu mmodzi woti aziwaimbira foni pakagwa zovuta kapena pakakhala ukwati. A kalasi lathu asavutike kusankha. Ine ndadzipereka, ndipo kope ndabwera nalo. Tikamapita kokadya mundipeza pakhomo paja.