Job Maseko, Msilikali wa ku Springs

Ambiri a inu mudziwa mudzi wa Springs, ku mbvuma kwa Johannesburg, pakuti abale athu osawerengeka anakumba golide m'migodi ya kumeneko. Lero ndifuna kukamba za munthu wa mudzi umenewo, dzina lace Job Maseko.

Nkhondo yaikuru itabuka m'caka ca 1939, anyamata athu a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia anasiya makasu nanyamula mfuti m'magulu a King's African Rifles ndi Northern Rhodesia Regiment. Koma ku South Africa boma silinalole munthu wakuda kugwira mfuti. Amene analowa gulu la Native Military Corps, monga Maseko, anapatsidwa nchito zophika, zoyendetsa magalimoto ndi zonyamula olasidwa. Cipolopolo cokha sicinasankhe khungu. Pa nkhondo ya El Alamein, m'October 1942, Lucas Majozi wa gulu lomwelo analasidwa kangapo, koma sanaleke kunyamula anzace pa macila, ndipo analandira mendulo ya Distinguished Conduct Medal.

Tsono pa 21 June 1942 mudzi wa Tobruk, m'dziko la Libya, unagwa m'manja mwa Ajeremani, ndipo Maseko anagwidwa pamodzi ndi asilikali zikwi zambiri. Akaidi akuda anawaika pa dooko kuti azitsitsa katundu m'zombo za adani. Maseko anatenga kacitini, nathiramo onga wocotsa m'zipolopolo, namangirirapo cingwe coyaka pang'onopang'ono. Pa 21 July anabisa citinico pakati pa migolo ya petulo m'kati mwa combo, nayatsa cingwe, naturuka monga munthu wosadziwa kanthu. Patapita nthawi combo cinaphulika ndi kumira. Cifukwa ca nchito imeneyi anapatsidwa mendulo ya Military Medal.

Nanga nkhondo itatha, anapindulanji? Anabwerera ku umphawi. M'caka ca 1952 sitima ya pamtunda inamgunda, nafa, ndipo anaikidwa m'manda a Payneville, ku Springs komweko. Ulemu unadza mocedwa: sukulu ya ku KwaThema inachedwa dzina lace, ndiponso m'caka ca 1997 combo cina ca nkhondo ca South Africa.

Nkhani iyi iri ndi phunziro kwa ife. M'midzi yathu munabwerera amuna ocokera ku Abyssinia ndi ku Burma, ena opunduka, osatha kugwiranso khasu monga kale. Tsopano pafupifupi onse anatisiya, ndipo zimene anaona zirikuiwalika. Akuru anati mau a akuru akoma akagonera, koma sangagonere ngati palibe wowasunga. Inu aphunzitsi, tumani ana a sukulu akafunse agogo ao dzina la msilikali wa pa mudzi pao, gulu lace, ndi kumene anamenya nkhondo, nalembe zonse m'buku. Mendulo imene iri m'bokosi musaigulitse.