Uthenga Umene Mbewa Imamva ndi Mphuno

Lero tili m'mbali mwa nyanja ku Salima, kumene alimi a mpunga a ku Lifuwu amalimbana ndi mbewa chaka ndi chaka. Kodi tizilomboti timazindikirana bwanji mumdima?

Yankho lili m'mphuno. Mbewa ikamayenda imasiya timadontho ta mkodzo, ndipo mumkodzomo muli mankhwala a m'thupi otchedwa maferomoni. Mkati mwa mphuno, chakumunsi, muli kachiwalo kamene Ludvig Jacobson wa ku Denmark adakafotokoza mu 1813. Mbewa ina ikanunkhiza mkodzowo, kachiwaloka kamatumiza uthenga ku ubongo wonena kuti imene yadutsa pano ndi yaimuna kapena yaikazi, yodziwika kapena yachilendo.

Uthengawu ngwamphamvu zedi. Mu 1959 Hilda Bruce wa ku England adapeza kuti mbewa imene yangotenga bere, ikamva fungo la yaimuna yachilendo, kawirikawiri berelo limachoka.

Tsono inu eni nkhokwe, kupha mbewa kokha nkosakwanira, pakuti fungo lotsala limaitana zinzake. Sesani bwino, chotsani zinyalala zakale, ndipo tsekani mauna onse musanalonge mpunga watsopano.