MPULUMUTSI AKADZABWERA, ADZATIPEZA TIKUCHITA CHIANI?

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa kwa Chitukula, m'boma la Lilongwe.

 Masiku onse ndikabwera pa wailesi pano ndimakamba za mizere, za manyowa ndi za nazale ya fodya. Lero ndiyamba ndi nkhani yina, koma musatseke wailesi, pakuti tisanamalize mudzaona kuti tabwerera kumunda komwe kuja.

Tsiku lina tinali pa msonkhano wa achikumbe patsinde pa kachere. Titatha kukamba za mbeu, mfumu yina yachikulire inandifunsa, niti: "Alangizi, inu munapita kusukulu. Kutchalitchi amatiuza kuti Yesu adzabweranso. Nanga atafika mawa m'mudzi mwanga muno, ine ndingamdziwe bwanji? Ndimpatse mpando, kapena ndimtumize kupolisi?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Koma pobwerera pa njinga ndinaona kuti funso lija silinali la nthabwala. Ine sindine mbusa kapena wansembe, ndipo za tsiku lomaliza akuphunzitseni ndi iwowo. Koma mbiri yakuti "wafika" ikamveka m'midzi, choyamba kuvutika ndi munda, ndipo woyamba kufunsidwa mlandu ndi mfumu. Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu tonse.

Tiyeni tiyambe taganiza. Pobwera koyamba Yesu anali mmisiri wa matabwa wa m'mudzi wonyozeka, woyenda pansi pamodzi ndi asodzi. Akristu amakhulupirira kuti kachiwiri adzabwera ndi ulemerero woti munthu aliyense aone. Koma tinene kuti wafika monga poyamba paja, watsika basi pa Nsaru tsiku la msika, fumbi liri mbuu kumapazi. Kodi tingamtani? Mfumu idzamfunsa kalata yochokera kwa mfumu ya kwao. Wina adzafuna kuona chiphaso chake cha unzika. Akulu a mpingo adzafunsa ngati ali wa Nkhoma kapena wa Katolika, ndipo akamuona akudya nsima ndi anthu a kudambwe, kapena atakhala pansi ndi akumwa kachasu, ambiri a ife tidzati uyu si iye iai. Anyamata adzamjambula ndi mafoni, ndipo dzuwa lisanalowe nkhope yake idzakhala itafika ku Johannesburg pa WhatsApp. Andale adzamtumizira galimoto kuti akaime nawo pa msonkhano. Akangochiritsa munthu mmodzi yekha, m'mawa mwake mudzapeza anthu akugulitsa madzi a m'mabotolo, akuti iye wawadalitsa.

Mwina mukuseka, koma panjira imeneyi pali mbuna ziwiri. Yoyamba ndiyo kuthamangira munthu aliyense wonena kuti chipulumutso chafika. Yachiwiri ndiyo kupirikitsa mlendo aliyense wosauka chifukwa cha mantha. Anthu a dziko lino anagwamo kale m'mbuna zonse ziwiri, ndipo ndikuuzani m'mene anagwera.

M'chaka cha 1908 Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia, anabwera kuchokera ku South Africa ndi chiphunzitso cha Watch Tower. Iye sanadzitche Mesiya, koma analalikira kuti mu Okutobala 1914 Kristu adzafika, ndipo msonkho ndi ulamuliro wa Azungu zidzatha. Anthu anali atatopa ndi msonkho wa nyumba, kotero mau amenewa anawakomera kwabasi. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu pafupifupi 10,000. Boma la nthawi imeneyo linachita mantha, ndipo mu 1909 linamgwira ndi kumchotsa kwao. Anakhala nthawi yaitali ku zisumbu za Seychelles, nabwerera kwao mu 1937. Nanga chaka cha 1914 chinabweretsa chiani? Chinabweretsa nkhondo yaikulu, ndipo amuna ambiri a dziko lino anagwidwa kukasenza mtengatenga. Apa tiphunzirepo kuti munthu angathe kukhala woona mtima, ndipo madandaulo ake angathe kukhala oona, koma tsiku limene walitchula nkukhala labodza.

Wachiwiri ndiye amene ndifuna kuti inu mafumu mumvetsetse bwino. Tomo Nyirenda anali wa kumpoto kwa dziko lino, ndipo anapita kukagwira nchito ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, m'dziko la Zambia. Mu 1925 anayamba kubatiza anthu a mtundu wa Alala m'dera la Mkushi, ndipo anatchedwa Mwana Lesa, ndiko kuti Mwana wa Mulungu. Ankanena kuti pobatiza angathe kuzindikira mfiti. Mfumu yina dzina lake Shaiwila inamlandira, nimpatsa mphamvu m'dziko lake, ndipo anthu amene analozedwa kuti ndi mfiti anamizidwa m'madzi mpaka kufa. Pambuyo pake anawolokera ku Congo, kumene anthu oposa 150 anaphedwa m'njira yomweyo. Mu 1926 Tomo Nyirenda ananyongedwa, ndipo mfumu Shaiwila inanyongedwa naye pamodzi. Mlendo uja sakadatha kupha munthu ndi mmodzi yemwe popanda mfumu yomuyalira mphasa.

Tsono ndikutengereni kutali pang'ono, kwa Axhosa a ku South Africa, chifukwa nkhani yao ndi ya achikumbe enieni. Mu 1856 ng'ombe zao zinkafa ndi nthenda ya m'mapapo, ndipo dziko lao linkalandidwa. Mtsikana wina dzina lake Nongqawuse ananena kuti mizimu yamuuza kuti anthu aphe ng'ombe zonse, ataye chakudya cha m'nkhokwe, ndipo asadzale kanthu. Akatero akufa adzauka, nadzabwera ndi ng'ombe zatsopano ndi chakudya chosatha. Mfumu yao yaikulu, Sarhili, inavomera. Tsiku linaikidwa la 18 Febuluwale 1857. Dzuwa linatuluka ndi kulowa monga mwa masiku onse. Ng'ombe zoposa 300,000 zinali zitaphedwa, ndipo anthu pafupifupi 40,000 anafa ndi njala. Amene anakana kupha ng'ombe zao ankanenedwa kuti ndiwo akuchedwetsa chipulumutso.

Musati zimenezi nzakale, anthu a lero ngophunzira. Mu 1995 Billy Goodson Chisupe wa m'boma la Machinga ananena kuti walota mankhwala a mtengo ochiza Edzi. Sanadzitche Mpulumutsi, koma m'miyezi yowerengeka anthu zikwi mazana anasiya nchito zao napita kukamwa mchape wake, ena pa malole, ena pa njinga, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Edzi sinathe ndi mchape umenewo. Chimene chatalikitsa moyo wa abale athu ndi mankhwala a kuchipatala amene Boma linayamba kugawa ulere mu 2004. Ku Kanungu, m'dziko la Uganda, atsogoleri a mpingo wina anauza anthu ao kuti dziko litha pa 31 Disembala 1999, ndipo ambiri anagulitsa minda ndi ziweto napereka ndalama kumpingo. Dziko silinathe. Pa 17 Malichi 2000 anthu mazana anatenthedwa m'nyumba yao yopempherera, ndipo onse akufa pamodzi ndi amene anapezeka m'maenje anaposa 700.

Mwaona kuti nkhani zonsezi zinayamba pa nthawi ya mabvuto, msonkho, nthenda kapena umphawi. Munthu wanjala ndi wodwala savuta kumnyenga. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Tsopano mbuna yachiwiri. Wina anganene kuti, ngati ziri choncho, tingopirikitsa mlendo aliyense. Iai, pamenepo mwagweranso mbali yina. Mu 2017 kunamveka mphekesera ya anamapopa ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa pa misewu chifukwa chakuti nkhope zao zinali zachilendo. Mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinai zinaphedwa poganiziridwa ufiti, mphezi itapha mtsikana. M'njala ya 2002, imene ambiri a inu mukuikumbukira, anthu ena ogwidwa akuthyola chimanga chachiwisi m'munda wa eni anamenyedwa koopsa, ena mpaka kufa. Ambiri a amene anachita zimenezi amapemphera Lamulungu liri lonse. Tsono ndifunse: munthu wafumbi uja wotsika basi pa Nsaru, wopanda kalata, wopanda chiphaso, akadafika pa nthawi zoterozo, kodi akadatuluka wamoyo?

Ndinati sindine mbusa, koma Baibulo ndimawerenga monga inu nomwe. Pa Mateyu mutu 24 Yesu mwini anachenjeza kuti kudzabwera ambiri odzitcha dzina lake, ndi kuti tsiku la kubwera kwake palibe munthu amene alidziwa. Pa mutu womwewo, pofanizira za tsikulo, anatchula amuna ali kumunda ndi akazi ali pa mphero, ndiko kuti anthu ali pa nchito zao. Pa mutu 25 anaphunzitsa kuti mlandu udzagona pa m'mene tinachitira ndi anjala, alendo, odwala ndi a m'ndende, ndi kuti chimene tachitira iwowo tachitira iye. Paulo naye, m'kalata yake yachiwiri kwa Atesalonika, anadzudzula anthu amene analeka kugwira nchito namadya za anzao. Anzathu Achisilamu nawonso amayembekeza kubweranso kwa Mneneri Isa, ndipo nawonso amaphunzitsidwa kudyetsa osauka. Kotero yankho la mfumu ija nali: simufunikira kumzindikira nkhope. Mukasunga bwino mlendo ndi wanjala, simudzampirikitsa Mpulumutsi mosadziwa. Mukakana kusiya khasu chifukwa cha mau a munthu, wonyenga sadzakupezani.

Tsono inu mafumu ndi nyakwawa, mlaliki kapena mneneri wachilendo akafika m'mudzi mwanu, chitani izi.

Choyamba, mlandireni monga mwa mwambo wathu. Mpatseni madzi ndi nsima, mfunseni dzina, kumene achokera ndi chimene wadzera. Musalole anyamata kumkhudza kapena kumponya miyala.

Chachiwiri, musamve mau ake muli nokha. Itanani nduna zanu, akulu a mipingo yonse ya m'mudzimo, ndi amai achikulire. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, tcherani khutu ku zizindikiro zinai izi. Kodi akutchula tsiku la kutha kwa dziko? Kodi akuuza anthu kuti aleke kulima, kapena agulitse mbeu, mbuzi ndi minda nampatse iye ndalama? Kodi akuletsa odwala kumwa mankhwala a kuchipatala ndi ana kupita kusukulu? Kodi akuloza anthu kuti ndi mfiti? Mukamva chimodzi chokha mwa zimenezi, musampatse bwalo. Dziwitsani Gulupu, Mfumu Yaikulu ndi apolisi tsiku lomwelo. Kumbukirani kuti lamulo limene linaikidwa mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mfumu yololeza zotere m'mudzi mwake idzayankha mlandu. Kumbukiraninso Shaiwila.

Chachinai, musasainire kugulitsa munda wa banja chifukwa mwini wake akuti dziko likutha. Muuzeni ayambe wadikira mpaka atakolola, ndipo muitane eni mbumba amve nawo.

Kwa inu achikumbe mau anga ndi awa. Pempherani monga mwa mpingo wanu, palibe wokuletsani. Koma mvula siyembekeza munthu. Kuno kwathu ku Lilongwe mvula yodzalira imagwa kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo amene wataya masabata awiri akutsata khamu la anthu adzaona yekha kuchepa kwa chimanga chake pokolola. Mizere ikhale itatha mvula isanagwe, yotalikirana masentimita 75, ndipo chimanga mudzale njere imodzi pa phando, masentimita 25 kuchokera pa phando lina. Nazale ya fodya ifuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo siidziwa kuti mwini wake wapita kukaona mneneri. Mbeu ya mtedza ndi ya soya imene munasunga musaigulitse kapena kuipereka kwa munthu, ngakhale alankhule zokoma chotani.

Ndipo pokolola, patulani dengu limodzi kapena awiri, muike padera. Limeneli ndi la gogo wamasiye wa kuseri kwa nyumba yanu, ndi la munthu amene adzafika mu Febuluwale kudzapempha ganyu ana ake atagona ndi njala. Waganyuyo mumlipire monga munapangana, osamchepetsera chifukwa wasowa kolowera. Munthu wopanda nkhokwe sangathe kudyetsa mlendo, chifukwa chake kulima bwino ndi kuchereza alendo ziri nchito imodzi.

Mfumu ija ndinakaiyankha mau omwewa pamene ndinapitanso kukaona nazale za m'mudzi mwake. Inagwedeza mutu niti, "Ndiye kuti akabwera andipeze kudimba." Ndinati inde, mfumu, ndipo kunyumba asiye ufa wokwanira mbale yina.

Sabata yamawa tidzakamba za kuokera fodya ndi kathiridwe ka feteleza woyamba.