Cham'mimba chogoneka mwana pansi sichidikira banja

Lero tikambe za cham'mimba, makamaka chija chimamugoneka mtsikana pamphasa mwezi ndi mwezi, akusanza, sukulu n'kujomba. Pakhomo timangoti apirire, ndiwo ukazi. Koma ululu wofika apa nthawi zina amakhala matenda otchedwa endometriosis, amene bungwe la WHO likuti amagwira mkazi mmodzi mwa akazi 10 a msinkhu wobereka, anthu pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse. Zimene zimachitika n'zakuti timinofu tofanana ndi tam'kati mwa chiberekero timamera kunja kwake, pamazira, panjira za mazira, mwinanso pamatumbo. Mwana akapita kumwezi, timinofuto timatupa n'kutaya magazi, koma magaziwo alibe potulukira. Ndiye m'mimbamo mumachita zipsera, ziwalo n'kumamatirana. Ameneyu sakuchita ulesi, akudwala.

Ena mukuti akadzabereka chidzatha. Pakati pamangopumitsa ululu chifukwa msambo umaima, koma matendawa amatha kubwerera, ndipo zipsera zomwezo ndi zimene zimalepheretsa amayi ena kutenga pakati. Tsono kudikira banja n'kuwapatsa matenda nthawi. Komanso musaiwale kuti kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino sakulola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Povuta penipeni ndi pa mankhwala. Dokotala amayamba ndi brufeni, womwa atadya, ululu ukangoyamba. Zikakanika amapereka mapiritsi olerera kapena jakisoni, ndipo apa ndi pamene makolo mumaima njii: mwana wa Fomu 2 amwe za kulera, si kumutsegulira njira ya chiwerewere? Mantha anu ndi omveka, koma taonani ntchito ya mankhwalawo. Amachepetsa kapena kuimitsa msambo, ndiye timinofu tija timasiya kutupa. Khalidwe la mwana limachokera pa malangizo anu, anankungwi, osati m'piritsi. Ndipo mapiritsi saumitsa chiberekero. Akadzasiya, msambo umabwerera, ngakhale jakisoni amachedwetsako miyezi ingapo. Mankhwala othetseratu matendawa kulibe, choncho wokulonjezani kuti muzu wake uchiza, akungokudyerani ndalama.

Yambirani pachipatala chaching'ono cha Bangwe kapena Limbe. Mwana afotokoze yekha, mosachita manyazi, masiku amene amadwala, ngati amamva ululu pochita chimbudzi, ndi masiku amene wajomba kusukulu. Alembe zimenezi m'kope miyezi itatu, chifukwa dokotala amaonera pomwepo. Mankhwala akapanda kuthandiza, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu cha Queens, kwa madokotala a matenda a amayi. Sikani imaonetsa zotupa za pamazira, koma timinofu ting'onoting'ono imatha kutiphonya, choncho akakuuzani kuti sikani ili bwino mwana akuvutikabe, bwererani mukanene. Opaleshoni imabwera pomaliza, ndipo kwa mtsikana cholinga chake ndi kuchotsa timinofu todwalato, chiberekero chisiyidwe.