Chingwe cha ku Fremont: Mawu a Mlendo Wathu pa Msonkhano wa Pachaka

Ambiri a inu lero ndinu mabwana m'makampani, ndipo ndimakumvani mukudandaula kuti antchito ndi aulesi, ati ndi chibadwa chawo. Ndiloleni ndikutengereni ku America pang'ono.

M'chaka cha 1982 kampani ya General Motors inatseka fakitale yake ya magalimoto ku Fremont, m'chigawo cha California. Inali ndi mbiri yoipa zedi. Anthu ankamwa mowa pantchito, ndipo kujomba kunali ngati mwambo. Mu 1984 fakitaleyo inatsegulidwanso ndi dzina loti NUMMI, General Motors itagwirizana ndi Toyota ya ku Japan kuti a Toyota ndiwo aziyendetsa. Ambiri mwa olembedwa ntchito anali omwe aja. Koma posakhalitsa magalimoto awo anayamba kupikisana ubwino ndi opangidwa ku Japan.

Chinasintha nchiyani? Kale lamulo linali loti mzere wa magalimoto usaime zivute zitani. Chikalakwika, akakonza kutsogolo. A Toyota anamangirira chingwe pamwamba pa mzerewo, nauza aliyense kuti akaona cholakwika akoke. Kapitawo ankathamangira pomwepo kudzathandiza, osati kudzakalipa, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere wonse unkaima. Tangoganizani: munthu womanga mabauti kuimitsa fakitale yathunthu!

Chingwe pachokha si mankhwala ayi. Munthu sangachikoke ngati akuopa kuti mawa auzidwa kuti ntchito yatha. Nchifukwa chake kampani inalonjeza kuti kuchotsa anthu kudzakhala chinthu chomalizira, ndipo mu 1988, malonda atatsika kwambiri, inasunga lonjezolo. Mabwana ankadyera m'chipinda chimodzi ndi antchito, ndipo analibe malo awoawo oimikapo galimoto.

Ena amati zimenezi nza Chijapani. Inde, zinaphukira ku Japan, kumene makampani akuluakulu ankasunga munthu mpaka atapuma pantchito. Koma okoka chingwe ku Fremont anali Aamerika. Ndipo General Motors itayesa njira yomweyi ku fakitale yake ya Van Nuys, m'chigawo chomwecho cha California, zinakanika, pakuti kumeneko mabwana ndi antchito sankakhulupirirana. Inatsekedwa mu 1992. NUMMI inagwira ntchito mpaka 2010.

Tsono ife tinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo sindikuti tiutaye. Koma kalaliki wanu akaona kuti mwasaina nambala yolakwika, amangoti "Chabwino, bwana," ndalama nkumapita. Kwathu kuno, chingwecho ayenera kuchipereka ndi bwana mwini, ndipo tsiku loyamba limene wina adzachikoke, ofesi yonse idzakhala ikuyang'ana nkhope yanu.