Mau a Mlembi pa Tsiku la Chikondwerero cha Mvano



Ife a m'komiti tapemphedwa kuti tinene mau pang'ono pa tsiku lalikululi. Sitinapite patali ndi sukulu, tsono sitinena zakuya ai, koma zokhazo zimene maso athu aona kuyambira tili atsikana kufikira lero pamene ambiri a ife tikubereka zidzukulu kumbuyo.

Poyamba tikumbukire amai athu amene anayamba Mvano pa mpingo pano. Iwo ankasonkhana Lachinayi lililonse, mvula kaya dzuŵa. Akatha kuŵerenga Mau ndi kupemphera, ankaphunzitsana kusoka, kuluka majuzi a ana ndi nsalu za patebulo, kenaka nkupita kukazonda odwala atasenza ufa ndi nkhuni. Chopereka chawo chinali cha matambala. Pajatu kwacha ndi tambala zinabwera m'chaka cha 1971 kuloŵa m'malo mwa mapaundi ndi mashileni, ndipo agogo ena anamwalira akuŵerengabe ndalama m'mashileni. Ife tinaona pepala la K5,000 likutuluka mu 2022, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 paliponse. Kuyambira pamenepo ulusi, nsalu ndi sopo zinakwera, kotero kuti ntchito yathu ya zosokasoka yabwerera m'mbuyo. Komabe tisaiŵale kuti amai athu anagwira ntchito yaikulu ali ndi zochepa kuposa ife.

Kunena za zosangalatsa, kale wailesi imodzi ya Nzeru inkakwanira nyumba zingapo. Nthaŵi ya seŵero la Kapalepale kapena Pamajiga ikakwana, tonse tinkakhala pamphasa imodzi, ndipo m'maŵa pachitsime nkhani inali yomweyo. Tinkamva Allan Namoko ndi Daniel Kachamba akuimba, mabatire akatha nkuwaika padzuŵa kuti apeze mphamvu. Kanema wa boma anayamba mu 1999, ndipo pambuyo pake panabwera mafilimu a ku Nigeria amene apsereza ndiwo m'nyumba zambiri, ngakhale za ife a m'komiti. Lero aliyense ali ndi wailesi yakeyake m'manja, ndiyo foni. Foni sitikuinyoza ai. Uthenga wa maliro umene kale mnyamata ankapita nawo pa njinga tsiku lathunthu, tsopano ufika pa WhatsApp madzi asanaŵire pamoto, ndiponso titha kutumiza ndalama kwa mnzathu amene akudwazika kuchipatala. Koma foni yomweyo yasanduka mtondo wa miseche. Kodi sitinaone ena a ife Baibulo lili pamiyendo, foni ili pansi pa Baibulo?

Tsono tifike pa nkhani imene yatilemera mumtima, ndiyo ya ndale. Achikulire mukukumbukira nthaŵi ya chipani chimodzi, pamene munthu sankaloŵa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani, ndipo amai ankatengedwa kukavina atavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi. Lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi. Mu Marichi 1992 mabishopu a Katolika analemba kalata yawo yodzudzula zoipa za m'dziko, ndipo pa 14 Juni 1993 tinapita kukasankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali. Nyali inapambana. M'chaka cha 1994 tinasankha mtsogoleri pakati pa zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho ana athu anayamba kuphunzira sukulu ya pulaimale osalipira. Ufulu umenewu tiuyamika, ndipo palibe mai wa Mvano amene aletsedwa kukonda chipani chimene mtima wake wafuna.

Koma amai anzathu, tinene zoona pamaso pa Mulungu. Pamene chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinkayandikira, tinachita manyazi. Pa maliro a mwamuna wa mnzathu wina, amai ena anabwera atavala zitenje za chipani ichi, ena za chipani icho, ndipo kukhitchini kunayaka moto paŵiri. Aŵa kuphika kwaokha, aŵa kwaokha, osabwerekana ngakhale mthiko. Kusiŵa kunatsala amai oŵerengeka, nyimbo nkumazilala, namfedwa ali yekha pafupi ndi bokosi. Ife a m'komiti tinaona zimenezi ndipo tinakhala chete poopa kuti atinena kuti tili mbali ina. Kulakwa kumeneku tikuvomera lero, ndipo kwa mai amene tinamusiya yekha tsiku lija tikuti mutikhululukire. Chisankho chinapita, amene anatipatsa zitenje aja anabwerera kwawo, koma m'kaundula wathu muli maina a amai amene sanabwererenso ku Mvano kufikira lero.

Kumbukirani Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, ndi kuononganso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Nsanje. Posonkha zovala ndi ufa, kodi alipo anafunsa kuti wolandirayo ndi wa chipani chiti? Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako. Mtima umenewo ndiwo Mvano weniweni. Dorika wa ku Yopa anakumbukika chifukwa cha zovala zimene anasokera amasiye, ndipo Paulo anadandaulira Euodiya ndi Suntuke, amai aŵiri a mpingo wa ku Filipi, kuti agwirizane. Tsono kusiyana maganizo pakati pa amai sikunayambe ndi ife, koma mankhwala ake alipo.

Chifukwa chake komiti ikupempha zinthu zitatu. Choyamba, pa maliro, kwa odwala ndi pa msonkhano wa Lachinayi tizivala yunifolomu yathu kapena chitenje wamba. Chitenje cha chipani chitsale kunyumba. Chachiŵiri, foni izikhala m'chikwama kufikira pemphero lotsekera, ndipo nkhani imene sitingainene pamaso pa mwini wake tisaitumize pa gulu. Chachitatu, mwezi uno usanathe tipite aŵiriaŵiri kukayendera amai amene analeka kubwera, ndipo aliyense wodziŵa kusoka kapena kuluka atenge mtsikana mmodzi amuphunzitse, kuti luso la amai athu lisapite nafe kumanda.

Duku loyera limene tavala lero silisintha ndi chisankho. Tilisunge loyera, ndipo ana athu adzalipeze lili choncho.

Mulungu adalitse Mvano wathu, adalitse mpingo wathu ndi dziko lathu la Malaŵi.